Sewero Limene Sitinalimalize ku Chidzolomondo

Ana anga, mwezi wathawu m'bale wanu Paulo anandionetsa pa foni yake nkhope ya mzungu wina wa ku Amereka, akuti wamwalira. Nditangoiona ndinati, "Uyu ndimamudziwa! Si uja amagulitsa m'sitolo, wakuba n'kumulozera mfuti?" Paulo anaseka, anati ndi yemweyo, komanso ndi yemweyo amakhala wapolisi, woweruza, chidakwa, m'mafilimu osawerengeka, koma dzina lake amalidziwa ndi ochepa. Ndinati ameneyo ndi m'bale wanga ndithu, tinangosiyana khungu ndi malipiro. Ndinaseka, koma kuseka kuja sikunapite patali, pakuti ntchito yomweyi, yovala nkhope za anthu ena, inatsala pang'ono kupha ukwati wa Lusiya, mwana wanga wachisamba, usanayambe n'komwe. Ena mwa inu munali ang'ono, munangomva nyenyeswa zake. Poti tsopano ndili pa lefoma, ntchito ndinapuma, ndipo miyendo yayamba kukana, ndilembe ndekha mmene zinakhalira.

1993, Tsangano

Titabwera kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi, ine ndi amayi anu tinafika ku Tsangano ndi mtolo umodzi komanso Lusiya kumsana. Ndinalembedwa pachipatala ngati selivente, ndiye kuti wosesa, wowiritsa majekeseni, wonyamula odwala, wotumidwa chilichonse. Zinthu zinali zosowa, musamve. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika ngati masokosi. Shefi wanga woyamba, ndiye kuti bwana wanga, anali a Tomasi, mwamuna wamfupi wa mawu ngati bingu, amene ankabaya jekeseni uku akulalata. Nthawi imeneyo m'minda munali mabomba okwirira, ndiye anatiuza kuti tizichita masewero ochenjeza anthu. Tsiku loyesera ndinaponda chitini, n'kudzigwetsa, n'kugalagata. A Tomasi anafuula, "Iwe Jasinto, kusesa sutha, koma kugwa umatha! Kuyambira lero wakufa ndiwe." Basi, ntchito yanga yachiwiri inayambira pomwepo. Magazi tinkapanga ndi utomoni wa mlombwa, ndipo kuti uchoke pa malaya amayi anu ankachita kundinena sabata yathunthu.

Zaka zimenezo ndinafa kambirimbiri. Ndinakhalapo mtembo, chidakwa, sing'anga wabodza, msilikali wolanda nkhuku, mwamuna wokana kuyezetsa magazi, mpaka apongozi aakazi ovuta, nditavala kapulana, chitenje chija, ndi duku. Koma munthu wabwino, ayi. Gawo la munthu wabwino linkapita kwa aphunzitsi aatali a mano oyera. Nditadandaula, a Tomasi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Nkhope yakoyi ndi ya mlandu. Ukanena zabwino, anthu aziti ukunama." Sindinakwiye kwenikweni, chifukwa anthu ankabwerera ine. Munthu wabwino ankamuombera m'manja n'kumuiwala, koma ine ana ankanditsatira mpaka pamjigo. Dzina langa ankalidziwa ndi ochepa. Ena ankati a Chidakwa, ena a Maliro, ena ankangoti "aja aja". Mnzanga wapamtima pagululo anali Zakariya, wamimba yaikulu, amene nthawi zonse ankakhala munthu wolemera ngakhale kwake ankagona pa chiguduli.

Zaka zoyambirira za m'ma 2000, Furancungo

Atandisamutsira ku Furancungo, Zakariya anatsatira chifukwa cha masewero omwewo. Kumeneko tinapeza bungwe lina limene linkagwira ntchito limodzi ndi chipatala, ndipo shefi wa masewero anali dona Filomena, mayi wochokera ku mzinda wa Tete, wophunzira, wachangu, wosakonda kufunsidwa kawiri. Iwo anabwera ndi njira yachilendo. Anati ng'oma ayi, kulengeza ayi, zovala za sewero ayi. Tizingolowa mumsika ngati anthu wamba n'kuyamba mkangano, anthu aziona ngati n'zenizeni. Wina akalowerera kuti aleretse, dona Filomena aziimba pito, wezulo imene ankaivala m'khosi, ife n'kuima, n'kugwirana manja, n'kuulula kuti linali sewero, kenaka n'kukambirana ndi anthu. Ine ndinati, "Shefi, anthu akunowa sadziwa zimenezi, adzatipweteka." Iwo anati, "Akakupweteka ndiye kuti amva."

Ndipo kupwetekedwa ndinapwetekedwadi. Pamsika wina, ndikuchita ngati ndikumenya mkazi, mayi wogulitsa matemba anandikhoma ndi mpando pamsana, pito isanalire. Itamveka pito, mayi uja anagwira pakamwa, anthu kuseka mpaka kugwa, iye n'kundipatsa matemba a chipepeso. Njirayi ndinayamba kuikonda, ndisaname. Munthu amene waleretsa yekha ndewu saiwala phunziro. Koma zonse zinkadalira kanthu kamodzi, kapito kaja. Popanda pito, ine ndinali munthu woipa basi.

Dzinja lina, Chidzolomondo

Tinali ndi sewero loletsa kukwatitsa ana aang'ono. Ine ndinali bambo wadyera, Zakariya mlimi wa fodya wokhala ndi mota, njinga yamoto ija, ndipo mtsikana wina wa gulu lathu ankakhala mwana wanga. Tsiku lopita ku Chidzolomondo mtsikanayo anadzuka ndi malungo. Lusiya anali atangomaliza setima kalasi, kalasi lachisanu ndi chiwiri, ali patchuthi, ndipo mawu onse ankawadziwa chifukwa tinkayeserera pakhomo pathu. Anati, "Ababa, ndipite ine." Amayi anu anakana, koma dona Filomena anati palibe choopsa, kwa kanthawi kochepa chabe. Tinakwera galimoto yoyera ya chipatala, ya chizindikiro pachitseko, mota ya Zakariya titaimangirira kumbuyo.

Linali tsiku la msika, anthu atadzaza, ena atayenda kuyambira m'bandakucha ndi nkhuku ndi nyemba. Kumwamba kunali kutada kale. Tinatsikira patali, aliyense n'kulowa yekha. Ndinamugwira Lusiya padzanja, atavala yunifolomu, n'kumukoka pakati pa msika ndikukuwa kuti, "Shikola yakupatsa chiyani iwe? Mwamuna uyu ali ndi fodya, ali ndi mota! Lero ukupita kwake!" Ndinamulanda makope n'kuwaponya m'matope. Mwana uja analira, Ambuye, kulira kwenikweni, mpaka ine mwini mtima unandiwawa. Zakariya anafika ndi mota yake, akutukumula mimba, ine n'kumupatsa dzanja la mwanayo. Apa ndi pamene m'misika ina amayi ankandilumphira. Koma ku Chidzolomondo kunangoti zii. Anthu anatizungulira, maso tong'o, osayankhula. Ndinabwereza mawu, ndinawonjeza nkhanza, ndikuyang'ana amayi ogulitsa tomato kuti mwina mmodzi adzuka. Palibe. Ndinachita mantha, ana anga. Dona Filomena anali chiimire, pito ili m'manja, akudikira munthu woti aleretse.

Kenaka mvula inangoti khuthu, yamatalala. Msika wonse unabalalika, uyu ndi dengu pamutu, uyu ndi thumba. Woyendetsa galimoto anabwera nayo mpaka pakati pa msika akuliza hutala, akukuwa kuti mtsinje ukadzaza tigona konkuno sabata. Ine ndinati, "Shefi, pito! Imbani pito!" Iwo anati, "Ndiimbire ndani? Anthu athawa. Kwerani, tidzabweranso sabata yamawa." Ndinati, "Ali m'makondemu, akutiona! Tiyeni tigwirane manja pokha." Anandikalipira m'Chipwitikizi, n'kutsegula ambulera yawo, n'kumufunditsa Zakariya pamene ankakweza mota. Tinalowa tonse, Lusiya akunjenjemera, galimoto n'kunyamuka. Sabata yamawayo mlatho unali utakokoloka. Utakonzedwa, kunalibe mafuta. Mafuta atapezeka, bungwe lija linali litatseka ntchito yake, dona Filomena atabwerera ku Tete. Ndinakumbutsa mashefi ena kangapo, onse ankangoti, "Za kalekale zija? Anaiwala anthu." Nanenso ndinafika pokhulupirira kuti anaiwala.

Chaka cha ukwati wa Lusiya

Lusiya anaphunzira, anakhala mphunzitsi. Jowakimu, mnyamata wokonza mota pamsika wa Furancungo, anamufunsira. Mnyamata waulemu, wosamwa, wa manja odziwa ntchito. Tinkadziwa kuti kwawo ndi cha ku Chidzolomondo, koma ine sizinandigunde m'mutu n'komwe. Monga mwa mwambo, nkhani inali m'manja mwa ankhoswe, ine bambo ndinalibe mpando pamenepo. Kumbali yathu anali alamu anga a Fulasisiko, mlongo wa amayi anu. Kuchimuna kunabwera atsibweni ake a Jowakimu, a Damiyano, mkulu wowonda, wa chipewa chakutha. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo ine ndinangodutsa kuti ndiwapatse moni. Nditatambasula dzanja, a Damiyano sanalilandire. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana Lusiya amene ankabwera ndi madzi, n'kudzuka, n'kutenga njinga yawo osatsanzika.

Alamu anawatsatira mpaka kumsewu. Pobwera, nkhope inali itagwa. Anati, "Alamu, kwagwa zovuta. Akuti mwana wathuyu ali ndi mwamuna kale." Ndinati, "Ati chiyani?" Anati, "Akuti anaona ndi maso awo inu mukumupereka kwa mlimi wa fodya pamsika wa Chidzolomondo, ali kamwana ka yunifolomu. Akuti sangalole mphwawo kutenga mkazi wa mwini, adzalipa mlandu wa chigololo. Komanso akuti banja logulitsa ana salifuna." Poyamba ndinaseka, ha, ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Koma nditaona kuti Lusiya wakhala pansi pakhonde, kapu ili m'manja, akungoyang'ana poteropo, kuseka kunatha. Amayi anu anangoti, "Ndinanena ine." Zoonadi mlandu suwola.

Ndinati nkhaniyi njosavuta, ndibweretsa mboni. Zakariya anali atabwerera ku Tsangano, akugulitsa kachewere pamsika. Ndinamuimbira foni kuti abwere adzafotokoze. Ankhoswe anagwirizana tsiku lina, ndipo a Damiyano anavomera kubweranso chifukwa Jowakimu anawachonderera mogwada. Ulendo uno ine anandipatsa mpando poti nkhani inali yanga. Tili mkati mofotokoza, tinamva mota ikulira kumpanda. Zakariya, chitsiru cha munthu, anabwera pa mota! Mimba yomweyo, chipewa cha mtundu womwewo. A Damiyano analumpha ngati alumidwa ndi linthumbu. "Ndi ameneyu! Mwamuna wake ndi ameneyu! Mwamuitana kuti adzatenge mkazi wake, kapena adzatilipiritse?" Ine ndinagwira mutu. Ndinkati ndikuzima moto, kumeneko ndinali kuthira palafini.

Zinatenga nthawi kuti akhalenso pansi. Zakariya analumbira, anatchula mkazi wake weniweni ndi ana ake. Alamu anaitana akatekisita amene anatidziwa kuyambira kale, iwo n'kuchitira umboni kuti Lusiya sanachokepo pakhomo pa makolo ake. Ndinafotokoza za dona Filomena, za pito, za mvula. Pomaliza Lusiya anagwada patsogolo pawo n'kunena kuti, "Atsibweni, tsiku lija madzulo ndinagona m'nyumba ino. Makope aja anali akale, tinachita kuwasankha oti aponyedwe. Ababa sanandiperekepo kwa munthu." Ndinkayembekeza kuti mkulu uja aseka ngati mayi wa matemba uja, tigwirane chanza, nkhani ithe. Koma a Damiyano anavula chipewa. Anafunsa motsitsa, "Ndiye kuti linali sewero?" Tinati eya. Anafunsanso, "Lonse lija? Ndi galimoto ya boma yomwe?" Tinati eya. Anati, "Mayo ine, Marita!"

Jowakimu, amene anakhala chapatali, anadzutsa mutu. Ife sitinkadziwa kuti Marita ndani. A Damiyano anayamba kufotokoza, akuyang'ana pansi. Marita anali mlongo wa Jowakimu, msinkhu umodzi ndi Lusiya. Dzinja lomwelo kunali bambo wina wa fodya amene ankamufuna, ndipo iwo monga atsibweni ankakana, chifukwa aphunzitsi anawauza kuti boma limamanga munthu wokwatitsa mwana wa shikola. "Ndiye tsiku lija ndinali pakhonde la sitolo," anatero. "Ndinaona bambo akupereka mwana wake masanasana, msika wonse ukuona, palibe anatsutsa. Ndinati tione, apolisi abwera. M'malo mwa apolisi kunabwera galimoto ya chipatala kudzawanyamula. Mayi wa boma anachita kumufunditsa ambulera mkamwini! Ndinati kodi aphunzitsi aja amatinamiza eti, boma lomwe likuperekeza. Ndinapita kunyumba n'kuvomera." Kenaka anati, "Chaka chisanathe anali ndi pakati. Thupi linali lisanakhwime. Anatisiya m'ngolo, tikuthamangira kuchipatala, iye ndi mwana yemwe."

Ana anga, ndaonapo anthu oduka miyendo, ndanyamulapo mitembo ndi manja angawa, koma sindinazizidwepo ngati tsiku limenelo. Makutu anangoti ngwee. Sewero limene tinalipanga kuti lipulumutse ana ndilo linapereka mwana. Zakariya analira ngati kamwana, mimba yonse ikugwedezeka. Jowakimu anadzuka n'kutuluka pampanda, ndipo masiku angapo sanatsegule pogwirira ntchito pake. Dona Filomena, kulikonse kumene muli, kapito kaja kanali kolemera bwanji kuti mulephere kukaika pakamwa? Mpaka lero ndikaganiza, mkwiyo umandikwera.

Patapita masabata, alamu anabwera ndi yankho la kuchimuna. Anati, "Jowakimu akuti mkazi wake ndi Lusiya, sasintha. A Damiyano akuti mwanayu alibe chifukwa, avomera kukhala nkhoswe. Akuti inunso sakukuimbani mlandu, wopereka Marita ndi iwo eni. Koma pali mawu amodzi." Ndinati nenani. Anati, "Akuti nkhope yanu sangathe kuiona. Iwo ndi amake Jowakimu akangokuonani, akuona msika uja. Mukakhalapo pa ukwati, iwo sabwera." Inu mukudziwa, ukwati wopanda nkhoswe wa kuchimuna si ukwati, ngakhale abambo mfumu kutchalitchi sangaudalitse. Suti yanga inali itasokedwa kale, ili pa msomali.

Lusiya atamva anakwiya koopsa, mkwiyo wanga womwe. Anati, "Ndiye ukwatiwo ukhale! Ine ndilowe m'tchalitchi ababa ali moyo, ali kubisala ngati mbava? Analakwa chiyani?" Ndinamutengera kuseri kwa nkhokwe, tinakhala pa mtondo wogwetsa. Ndinati, "Mwana wanga, mnyamata uja umamukonda?" Anati, "Funso lanji limenelo, ababa?" Ndinati, "Yankha." Anati amamukonda. Ndinati, "Mayi uja anaika mwana wake m'manda. Ine wanga ndili naye pano, akundikalipira. Ndani mwa awirife ayenera kupatsidwa mpando tsiku limenelo?" Anati, "Nonse." Ndinati, "Nonse sizitheka. Ine ndidzakuona mawa lake, ndi mkuja, ndi zaka zonse. Usandichititse kuti ndikhale munthu amene analanda banja lija ana awiri." Analira, anandimenya pachifuwa ndi zibakera zake, ine ndinangomusiya. Mumtima ndinkafuna kuti apitirize kukana, ndisakubisireni. Koma dzuwa likupendeka anati, "Chabwino, ababa."

Masewero ndinasiyira pomwepo. Mashefi atsopano ankandiitana, ine n'kumati mawu anatha. Ndinabwerera ku tsache langa mpaka lefoma. Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, ndinapinda suti ija m'chikwama n'kukwera shapa, minibasi ya ku Tsangano, pakuti ndikanakhala pafupi, nthungululu zikanandikoka. Ndinafikira kwa Zakariya. M'mawa mwake anati tipite kumsika, kukhala m'nyumba kukudwalitsa. Ndinavala suti, taye, nsapato zopukuta. Zakariya anandiyang'ana, n'kutsogola. Tinakhala kuseri kwa milu ya kachewere, mphepo ya Tsangano ikulowa m'mafupa, ine ndikuthira kachewere m'ndowa ndi suti yanga. Dzuwa litakwera ndinadziwa kuti tsopano Lusiya akulowa m'tchalitchi, alamu ndi amene amugwira dzanja.

Nthawi yomweyo kunafika mayi wina wachikulire kudzagula. Anandiyang'anitsitsa, nkhope yake n'kuwala. Anati, "Iii, si inu aja aja? A Chidakwa aja? Munatisowa bwanji! Nanga suti pa kachewere? Pali sewero eti? Tandinong'onezani, lero mwakhala ndani?"

Ndinati, "Lero ndine bambo wa mkwatibwi, mayi."

Anaseka mpaka kugwira bondo, n'kuitana anzake kuti adzamve. Anati, "Bambo awa sanasinthe ndithu, nthabwala zake zomwe zija!" Kenaka anatsegula thumba lake, ine n'kumuthirira kachewere.